Maofesi a Boma Agulire Pamodzi Makabati ndi Mashelefu

Munthu aliyense amene analowapo m'chipinda chosungira mafayilo pa boma, pa bwalo la milandu kapena pa chipatala cha kwawo akudziwa bwino zimene maso ake anaona. M'maofesi ambiri mafayilo aunjikidwa pansi, ena amangidwa ndi chingwe m'mitolo ngati nkhuni, ena ali m'makatoni a sopo, ndipo makabati awiri kapena atatu achitsulo amene alipo maloko ake anathyoka kalekale. Kalaliki akafuna fayilo imodzi amayenera kugwada ndi kuphwasula mulu wonse. Nkhani ya makabati ndi mashelefu imaoneka yaing'ono pamaso pa anthu amene anazolowera kukamba za misewu, milatho ndi magetsi, komatu ndi nkhani imene ikukhudza ndalama za misonkho ndiponso ufulu wa munthu wamba. Yafika nthawi yakuti maunduna, makhonsolo, zipatala, sukulu ndi mabwalo a milandu aleke kugula katunduyu aliyense payekha, ndipo ayambe kugulira pamodzi.

Pofuna kumvetsa kukula kwa nkhaniyi nkofunika kufunsa poyamba kuti m'mafayilomo muli chiyani. Mphunzitsi amene waphunzitsa zaka 30 ku Nthalire kapena ku Makhanga sangalandire msanga ndalama zake zopumira pa ntchito ngati kalata yomulembera ntchito ndi makalata omukweza pa udindo sakuoneka. Mayi wamasiye amene akutsatira ndalama za malemu mwamuna wake amabwezedwa ulendo ndi ulendo, namawononga ndalama zoyendera zimene alibe. Munthu wosungidwa m'ndende podikira mlandu wake sangaweruzidwe ngati fayilo ya mlanduwo yasowa. Mkangano wa malo umene chikalata chimodzi chikanauthetsa pa tsiku limodzi umatha zaka ndi kudanitsa abale. Anthu onsewa sanalakwe kanthu. Akuvutika chifukwa chakuti pepala lawo linalibe malo oyenera okhala, ndipo akabwerera kwawo mlandu amauika pa Boma lonse.

Mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro lowawa pa nkhani yomweyi. Mu 1919 moto unatentha likulu la maofesi a Boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zikalata zambiri zimene zinalembedwa kuyambira mu 1891 zinapsa. Ofufuza mbiri akumvabe kupweteka kwa moto umenewo mpaka lero, ngakhale kuti mu 1947 kunatsegulidwa ofesi yosungira zikalata zakale ku Zomba komweko, imene tsopano ndi National Archives of Malawi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndiponso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 analowa m'nyumba, m'sukulu ndi m'zipatala za m'chigawo cha kumwera, ndipo pepala lililonse limene madzi alipeza pansi silipulumuka. Kuwonjezera pa ngozi zazikuluzi pali adani ena amene amagwira ntchito mwakachetechete chaka chonse: chiswe, makoswe, mphemvu, chinyezi cha dzinja ndi denga lodontha.

Palinso udindo wa lamulo. Kuyambira mu Seputembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu mwayi wodziwa zimene maofesi a Boma akusunga linayamba kugwira ntchito, nzika ili ndi ufulu wofunsa ndipo ofesi iyenera kuyankha. Ofesi imene mafayilo ake ali m'milu siingathe kuyankha pa nthawi yake. Akuluakulu ofufuza kayendetsedwe ka chuma cha Boma nawonso amadalira mapepala a malipiro osungidwa mwadongosolo. Mtundu wa Malawi sunaiwale za Cashgate ya mu 2013, pamene mabiliyoni a makwacha analipidwa kwa anthu amene sanapereke katundu aliyense ku Boma. Munthu wakuba amakondwa kwambiri ndi ofesi imene pepala likhoza kusowa popanda wofunsa, pakuti pamene palibe chikalata palibenso umboni.

Tsono funso nlakuti, popeza maofesi amapatsidwa ndalama zoyendetsera ntchito chaka ndi chaka, nchifukwa ninji katundu wofunika chotere akusowabe? Yankho lina lili m'kagulidwe kake. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa Boma la 2003 linakhazikitsa ofesi ya ODPP, ndipo lamulo la 2017 linaika bungwe la PPDA m'malo mwake. Pansi pa dongosololi unduna uliwonse, khonsolo iliyonse ndi bungwe lililonse la Boma lili ndi komiti yake yoona zogula, ndipo pogula katundu wa ndalama zochepa ofesi imaitanitsa mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu. Kuyambira mu 1998, pamene ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo inavomerezedwa, ogula m'dzina la Boma achuluka ndithu. Zonsezi zinakonzedwa ndi cholinga chabwino, ndipo pa katundu wambiri zikuthandiza. Koma pa katundu amene ali wofanana m'maofesi onse, monga kabati ya mafayilo, kugula aliyense payekha kukubwereza ntchito imodzi kambirimbiri.

Chitsanzo chapafupi chikhoza kuunikira mfundoyi. Ngati maofesi 20 a m'boma limodzi akufuna makabati awiriawiri, ndipo ofesi iliyonse igula payokha, padzafunika makalata a mitengo 60, zokambirana 20 za komiti, ndiponso maulendo 20 a galimoto kupita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ulendo uliwonse ndi mafuta ake ndi ndalama zogonera za dalaivala ndi kalaliki. Pamapeto pake makabati 40 amenewa adzagulidwa pa mtengo wa m'sitolo, wofanana ndi umene amalipira munthu wodzigulira kabati imodzi ya kunyumba kwake. Koma maofesi omwewo akanaphatikiza zofuna zawo, mpikisano wa ogulitsa ukanachitika kamodzi, lole imodzi ikanabweretsa katundu yense, ndipo wogulitsa akanatsitsa mtengo poona kuchuluka kwa katunduyo. Dziko lino lili ndi maboma 28, ndipo aliyense angathe kuona yekha kukula kwa ndalama zimene zikutayikira m'njira.

Kugula pang'onopang'ono kumatsegulanso khomo kwa anthu amene kampani yawo yonse imathera m'chikwama. Anthu otere alibe fakitale, alibe sitolo, alibe mmisiri. Akapatsidwa ntchito amathamangira ku sitolo ya m'tauni, nagula kabati, naikapo phindu lawo, ndipo Boma limalipira kawiri pa chinthu chimodzi. Kabatiyo ikathyoka pakapita miyezi itatu, wogulitsa uja sapezekanso. Si chinsinsi kuti makalata atatu a mitengo nthawi zina amachokera m'dzanja limodzi pansi pa mayina osiyana. Zotsatira zake zimaoneka m'maofesi momwemo: makabati osiyana msinkhu, ena opapatiza moti fayilo siilowa bwino, ena a chitsulo chopyapyala chimene chimapindika madilowa akangodzaza, ndipo palibe chipangizo cha kabati imodzi chimene chingakonzere inzake.

Nkhani ya ndalama zakunja nayonso siyenera kuiwalika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Malawi alibe doko la panyanja yamchere, ndipo katundu wake amadzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena pa msewu wochokera ku South Africa. Kabati yopangidwa kale ndi bokosi lopanda kanthu m'kati, ndipo woitanitsa kuchokera kunja amalipira ndalama zakunja kuti anyamule mpweya mtunda wonsewo. Kuitanitsa zitsulo zosapinda kuti zidulidwe, zipindidwe ndi kupakidwa utoto konkuno kumachepetsa malo m'lole ndipo kumasiya malipiro m'manja mwa amisiri a dziko lino. Koma palibe mwini fakitale amene angagule makina chifukwa cha ofesi imodzi yofuna makabati awiri. Amagula makina akadziwa kuti chaka chonse adzakhala ndi ntchito.

Njira yogulira pamodzi si yachilendo kwa Amalawi. Alimi a m'midzi anaidziwa kalekale pamene anayamba kulowa m'makalabu kuti apeze feteleza ndi mbewu mosavuta, pakuti makolo ananena kuti mutu umodzi susenza denga. Chimene chikufunika ndi chakuti ophunzira a m'maofesi atengere nzeru ya alimiwo. Ntchito iyambe ndi kuwerenga. Popeza chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 Epulo, mkulu wa ofesi iliyonse alembe miyezi ingapo tsikulo lisanafike kuchuluka kwa makabati ndi mashelefu amene ali nawo, amene angakonzedwe, ndi amene akufunikadi. M'maboma ziwerengerozi zisonkhanitsidwe kwa bwanamkubwa, ndipo ku Capital Hill zisonkhanitsidwe kwa alembi aakulu a maunduna. Zikatero Boma lidzadziwa zofuna zake zonse ndi kulankhula ndi ogulitsa ndi mawu amodzi.

Chachiwiri ndi kugwirizana pa muyezo umodzi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, pamodzi ndi akatswiri a ku National Archives ndiponso makalaliki amene amagwira mafayilo tsiku ndi tsiku, angathe kulemba pa masamba ochepa chabe zimene kabati ya Boma iyenera kukhala nazo. Chitsulo chikhale chochindikala mokwanira kusenza madilowa odzaza. Pokhoma kamodzi madilowa onse atsekeke. Madilowa awiri asamatseguke nthawi imodzi, chifukwa kabati yodzaza ikalemera kutsogolo imagwera munthu. Shelefu yapansi ikhale masentimita 15 kuchokera pa simenti, kuti madzi olowa m'chipinda ndi chinyezi zisafike pa mapepala. Matabwa akhale ouma bwino ndiponso othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe. Nkofunikanso kudziwa kuti kabati wamba yachitsulo siteteza mapepala ku moto waukulu, pakuti chitsulo chikatentha mapepala amapserera m'kati. Motero makabati olimbana ndi moto, amene ndi okwera mtengo, agulidwe ochepa ndipo asungire zikalata zimene sizingalembedwenso, monga za malo ndi za chuma cha amasiye.

Chachitatu ndi mpikisano umodzi wolengezedwa poyera. Opambana achite pangano ndi Boma la chaka chimodzi kapena ziwiri, lotchula mtengo wa chinthu chilichonse, masiku obweretsera katundu, ndi udindo wokonza kapena kusintha chimene chawonongeka msanga. Ndalama zikhalebe m'manja mwa ofesi iliyonse monga mwa bajeti yake. Ofesi ikafuna makabati ingolemba kalata yoitanitsa kwa wogulitsa amene ali pa mndandanda, pa mtengo umene unagwirizanidwa kale. Katundu akafika ayesedwe asanalipiridwe, alembedwe nambala ya Boma yosafufutika, ndipo alowetsedwe m'kaundula wa katundu wa ofesiyo, kuti kabati isatsatire bwana ku nyumba kwake pa tsiku limene wasamutsidwa kapena wapuma pa ntchito.

Pali anthu amene akukayikira njira imeneyi, ndipo zifukwa zawo nzoyenera kuzimva. Ogwira ntchito m'Boma achikulire amakumbukira masiku amene maofesi ankatenga katundu wawo ku Central Government Stores, ndipo amanena kuti kudalira nkhokwe imodzi kumachedwetsa ntchito, makamaka kwa maofesi akutali monga a ku Chitipa, ku Likoma ndi ku Nsanje. Chenjezo limeneli nloona, ndipo nchifukwa chake zimene zikupemphedwa pano sizikufuna nyumba yatsopano yosungiramo katundu kapena dipatimenti yatsopano yokhala ndi mabwana ndi magalimoto ake. Chophatikizidwa ndi mtengo, muyezo ndi pangano basi. Katundu achoke kwa womupanga kupita ku ofesi imene yamuitanitsa, ndipo wogulitsa akalephera kusunga masiku a m'pangano ntchitoyo ipite kwa wachiwiri pa mndandanda.

Ena akuopa kuti mpikisano waukulu udzapindulira makampani aakulu okha, ndipo akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Ndirande, ku Mchesi ndi ku Chibavi adzatsala manja ali m'khosi. Zimenezi zingachitikedi ngati ntchito yonse iperekedwa kwa munthu mmodzi. Mankhwala ake ndi kugawa ntchitoyo m'zigawo zodziwika poyera: makabati achitsulo paokha, mashelefu amatabwa paokha, chigawo cha kumpoto, chapakati ndi cha kumwera chilichonse pachokha. Amisiri ang'onoang'ono nawonso aphunzire kugwirizana. Lamulo la makopaletivi la 1998 likuwapatsa njira yolembetsera gulu lawo, ndipo gulu la amisiri 10 lingathe ntchito imene mmodzi sangaithe. Sukulu za ntchito zamanja za Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia zimatulutsa anyamata ndi atsikana aluso chaka ndi chaka pansi pa dongosolo la TEVETA limene linayamba mu 1999. Ndondomeko ya Buy Malawi ya mu 2016 ndiponso masomphenya a Malawi 2063 zimalimbikitsa kugula zopangidwa konkuno, ndipo malo oyambira ndi ofesi ya Boma yeniyeniyo.

Pa mfundo yomweyi pali zinthu ziwiri zimene Boma liyenera kusamala. Choyamba ndi kulipira pa nthawi yake. Kampani yaikulu ingathe kudikira miyezi isanu ndi umodzi, koma mmisiri amene anakongola ndalama zogulira matabwa amagwa ngati malipiro ake achedwa, ndipo ogulitsa amene anapsapo kale amakweza mitengo yawo powerengera kuchedwako. Chachiwiri ndi gwero la matabwa. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, imene inali ndi mahekitala oposa 50,000, inawonongeka kwambiri ndi moto ndiponso kudula kosabzala. Sikungakhale kwanzeru kuti Boma lidzaze maofesi ake ndi mashelefu a mitengo yobedwa m'nkhalango zake zomwe. Wogulitsa aliyense aonetse chilolezo cha kumene matabwa ake achokera.

Enanso amati masiku a mapepala atha, ndipo ndalama zipite ku makompyuta. Nzoona kuti ntchito zambiri za Boma zikulowa m'makompyuta, ndipo zimenezi nzoyamikirika. Koma mafayilo a zaka makumi ambiri amene alipo kale sangalowe m'kompyuta ngati sanasanjidwe, pakuti munthu sangajambule pepala limene sakulipeza. Zipatala zing'onozing'ono ndi sukulu zambiri za m'midzi zilibe magetsi odalirika. Mabwalo a milandu amafunabe kuona chikalata chenicheni chosainidwa. Motero shelefu ndiyo imakonza njira ya kompyuta, ndipo ofesi imene yalephera kusunga mapepala ake mwadongosolo idzalepheranso kusunga za m'makina.

Chikayiko chachikulu koposa nchakuti pamene pali ndalama zambiri pamaitananso akuba aakulu. Komabe nkwapafupi kuyang'anira pangano limodzi lalikulu kusiyana ndi timapangano mazanamazana tobisika m'madilowa a maofesi osiyanasiyana. Mayina a opambana, eni ake enieni a makampaniwo, ndi mtengo wa kabati iliyonse zisindikizidwe m'nyuzipepala ndi kukhomedwa pa bolodi la zidziwitso pa ofesi ya bwanamkubwa aliyense. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ku Ntchisi akadziwa mtengo umene Boma linagwirizana, palibe amene angamulembere mtengo wina. Bungwe la PPDA, ofesi ya mkulu wofufuza chuma cha Boma ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB adzakhala ndi chinthu chimodzi chooneka bwino choti achiyang'anitsitse.

Kugula mwanzeru kumatanthauzanso kusagula zosafunika. Si pepala lililonse limene liyenera kukhala m'kabati mpaka muyaya. Mafayilo amene anatsekedwa kalekale atumizidwe kosungira zikalata zakale motsatira malangizo a National Archives, ndipo amene nthawi yake yatha awonongedwe pokhapokha chilolezo chitaperekedwa. Makabati ambiri amene atayidwa m'makonde akungofuna maloko atsopano, kuwongola ndi utoto, ntchito imene mmisiri wa pa boma pomwepo angaichite pa mtengo wochepa. Ndiponso atsogoleri a maofesi aonetse chitsanzo pa kasankhidwe ka zoyamba kugula. Nzomvetsa chisoni kuona ofesi ya bwana ili ndi mipando yawofuwofu ndi kapeti watsopano pamene chipinda cha mafayilo, chimene chili mtima wa ntchito yonse, chilibe ngakhale shelefu imodzi.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera, m'maboma ndi m'zigawo ali ndi mbali yawo pa ntchito imeneyi. Iwo ndiwo amamva madandaulo a anthu obwezedwa m'maofesi, ndipo ayenera kuwafikitsa kwa makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti nkhaniyi ikambidwe m'misonkhano ya makhonsolo pokonza bajeti. Ayeneranso kudziletsa. Membala wa Chipani amene ali ndi fakitale kapena shopu ya ukalipentala ali ndi ufulu wopikisana monga Mmalawi wina aliyense, koma amene angapite kwa mkulu woona zogula ndi khadi la Chipani m'manja m'malo mwa katundu wabwino akunyozetsa Chipani ndi Boma limene anthu analisankha. Wogwira ntchito m'Boma amene wakana pempho lotere wachita bwino, ndipo atsogoleri ayenera kumuteteza.

Ntchitoyi siifuna ngongole yakunja kapena akatswiri ochokera kutsidya kwa nyanja. Ikufuna alembi aakulu, mabwanamkubwa ndi akuluakulu a mabungwe a Boma amene ali okonzeka kukhala pansi pamodzi, kuwerenga zimene ali nazo, ndi kusiya chizolowezi chakuti ofesi iliyonse ikhale ndi wogulitsa wakewake. Boma limodzi kapena unduna umodzi ungathe kuyamba m'chaka cha ndalama chikubwerachi, ndipo ena adzaphunzira poona mitengo yake. Mphunzitsi wopuma pa ntchito ndi mayi wamasiye sadzafunsa kuti kabati inagulidwa motani. Chimene akufuna nchakuti akafika pa ofesi, kalaliki atsegule kabati, apeze fayilo yawo, ndipo iwo abwerere kwawo tsiku lomwelo atathandizidwa.